Sikelo ya mu Ekizozi: Yezani Kamwedwe ka Mafuta Musanakhudze Injini

Banja la kwa Kadewere likakhala ndi galimoto, kawirikawiri siikhala yongodzionetsera. Imakhala Sienta yonyamula anthu pakati pa Namitambo ndi Limbe, Probox yokokera tomato ndi kabichi kumsika, kapena Nissan 1400 yokalamba imene amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni. Phindu lake limadziwika madzulo, ndalama ya mafuta itachotsedwa. N'chifukwa chake mawu amene amamveka kwambiri pagalaja ndi akuti, "Amisiri, ikumwa ngati thanki yabooka, taichepetsaniko." Makaniko amapotoza kasikuluu pa kabuleta, natchera khutu, n'kunena kuti yakhala bwino. Kabuku kano kakutsutsa mchitidwe umenewu. Kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo sikamveka ndi khutu, kamayezedwa, ndipo choyezera chake ndi sensa ya okosijeni ya mtundu wa wideband, imene imamangidwa pa paipi ya ekizozi. Sensayi siichepetsa mafuta payokha, monga momwe sikelo siwonjezera nandolo m'thumba. Koma wogulitsa nandolo popanda sikelo tonse timadziwa mmene amathera.

Chimene chikuyezedwa

Injini ya petulo ndi moto wotsekeredwa m'chitsulo, ndipo moto uliwonse umafuna mpweya wokwanira. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Tikaziika m'miyeso ya pakhomo, lita imodzi ya petulo imafuna mpweya wodzaza migolo pafupifupi 45 ya malita 200. Akatswiri anapatsa muyeso wokwanirawu dzina lakuti lambda, ndipo mpweya ndi mafuta zikalingana bwino lambda imakhala 1. Ikatsika, monga 0.85, mafuta achuluka: injini ikuchita ngati nyali ya koloboyi ya chingwe chachitali, imene imafuka mwaye n'kumaliza parafini msanga. Ikakwera, monga 1.15, mafuta achepa: injini imatsokomola, imafooka pachitunda, ndipo ikalemedwa mavavu ndi mapisitoni zimatentha kupitirira muyeso. Vuto loyambali limadya thumba pang'onopang'ono. Lachiwirili limadya injini yonse tsiku limodzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto imene ikuyenda panjira yosalala lambda ili pa 0.85, pamene imayenera kukhala pa 1, ikutaya lita imodzi pa malita pafupifupi 7 alionse. Ngati imamwa malita 10 patsiku, ndiye kuti lita imodzi ndi theka ikutuluka kumbuyo osagwira ntchito, ndipo pa masiku 26 a ntchito ndi malita 39, pafupifupi zigubu ziwiri za malita 20. Mtengo wake muuwerengere nokha pa mtengo umene bungwe la MERA lalengeza mwezi umenewo. Chovuta n'chakuti injini yotere imalira bwino kwambiri. Siigwedera, imakoka mwamphamvu, ndipo utsi wakuda umayamba kuoneka mafuta atachuluka kale kuposa pamenepa. Khutu la makaniko silikunama likamanena kuti injini ikumveka bwino, kungoti funso limene likuyankha si limene mwini galimoto anafunsa.

Sensa yoyamba ya okosijeni inapangidwa ndi kampani ya Bosch ya ku Germany, ndipo inayamba kuikidwa m'magalimoto a Volvo mu 1976. Mtundu woyambawu, wotchedwa narrowband, ndi umene uli m'magalimoto ambiri akale a jekiseni ya mafuta. Umatulutsa magetsi a pakati pa mavolti 0.1 ndi 0.9, ndipo umangodumpha uku ndi uku lambda ikadutsa pa 1. Uli ngati mwana amene mwamutuma kukaona madzi mumgolo, iye n'kumangobwera ndi yankho lakuti "ndi ambiri" kapena "ndi ochepa", osanena kuti ndi ndowa zingati. Wideband, imene inatchuka ndi galimoto ya Honda Civic VX mu 1992, imanena kuchuluka kwake. M'kati mwake muli kachipinda kakang'ono kolowa utsi, ndi kapampu ka magetsi kamene kamalowetsa kapena kutulutsa okosijeni kuti m'kachipindamo muzikhala molingana nthawi zonse. Mphamvu imene kapampuko kagwiritsa ntchito ndiyo imasanduka nambala pa geji. Sensa yofala ya Bosch LSU 4.9 imawerenga kuyambira lambda 0.65 mpaka mpweya wopanda utsi, ndipo imagwira ntchito itatenthedwa kufika madigiri pafupifupi 780. Ichi n'chifukwa chake imagulitsidwa pamodzi ndi kabokosi kake kowongolera, ndipo siingalumikizidwe ku batire mwachindunji.

Chifukwa chake kuno n'kofunika kuposa kwina

Wina anganene kuti izi ndi za anyamata a mipikisano ya magalimoto ku Ulaya. Koma petulo wa ku Malawi yekha ndi umboni wokwanira wakuti kuyeza kukufunika kuno kuposa kumeneko. Dziko lathu linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, pamene fakitale ya Ethanol Company inatsegulidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo mu 2004 PressCane inayamba kupanga ethanol ku Chikwawa. Ethanol amachokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga, ndipo ali kale ndi okosijeni m'kati mwake, choncho amafuna makilogalamu 9 okha a mpweya pa kilogalamu imodzi. Petulo wosakaniza ndi magawo 10 pa 100 a ethanol amapsa bwino pa 14.1, ndipo wa magawo 20 pa 100 amapsa bwino pa 13.5. Galimoto ya kompyuta imadzikonza yokha ikamva kusinthaku. Kabuleta alibe nzeru zimenezo: amathira mafuta ofanana, kaya ndi amtundu wanji. Kabuleta amene anachunidwa pa lambda 1 ndi petulo wopanda ethanol amakafika pafupifupi 1.07 mukathira wa magawo 20, popanda wina kukhudza sikuluu. Ndipo nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene thanki imodzi imalandira lero a pa pampu ku Limbe, mawa a m'chigubu cha m'mbali mwa msewu, palibe amene angalumbire kuti m'thankimo muli chiyani.

Chachiwiri ndi kukwera kwa malo. Dera la Chiradzulu lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamtunda wotere ndi wopepuka ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 10. Nchalo ndi Chikwawa zili pansi kwambiri m'chigwa cha Shire. Galimoto ya kabuleta imene yafinyidwa mafuta mpaka kumapeto kuno kumtunda, ikatsika Thabwa imakumana ndi mpweya wolemera, ndipo kasakanizidwe kamapepukanso ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 20. Ndiye ganizirani ulendo wobwerera: mwezi wa October, kutentha kwapitirira madigiri 40, kumbuyo kuli matumba a chimanga, ndipo injini ikukwera phiri ndi giya wachiwiri kwa nthawi yaitali. Kachepetsedwe ka mafuta kamene kanaoneka kanzeru pansi pa mtengo wa mango kwa Kadewere ndi kamene kamawotcha vavu pachitunda chimenecho.

Zotsutsa zomveka

Chotsutsa choyamba n'chakuti amakaniko akale amaona mtundu wa mapulagi, ndipo akhala akuchita bwino zaka zambiri. Pali choonadi pamenepa. Pulagi yakuda ya mwaye imasonyeza mafuta ochuluka, yoyera mbuu imasonyeza ochepa, ndipo makaniko wodziwa kuwerenga pulagi ndi wofunika kumusunga. Koma pulagi imasimba nkhani ya ulendo wonse pamodzi. Kabuleta ali ndi njira zingapo za mafuta: ya pamene injini ikungolira galimoto itaima, ya paulendo wamba, ndi ya pamene mwaponda mpaka pansi. Injini ingathe kumwa mopitirira pa njira yoyamba n'kumasowa mafuta pa yachitatu, pulagi n'kutuluka yofiirira bwinobwino chifukwa zolakwa ziwirizo zaphimbana. Komanso kasikuluu kamene amakonda kupotoza kaja kamalamulira makamaka njira yoyamba yokha. Amene akukhulupirira kuti kachepetsa mafuta a ulendo wa ku Limbe akudzisangalatsa chabe, chifukwa mafuta a paulendo amadutsa m'majeti, ndipo amadaliranso msinkhu wa petulo m'kambale ka kabuleta.

Chachiwiri ndi mtengo, ndipo ichi ndi chotsutsa champhamvu. Sensa, kabokosi ndi geji zimachokera kunja, zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo sensayo imatha ngati mapulagi. Yankho lake n'lakuti banja lililonse silifunika kugula yakeyake. Chimene galimoto iliyonse ikufuna ndi kanati kowotcherera pa paipi, kamene mtengo wake ndi wochepa, ndi bawuti yotsekera. Chida chenichenicho chingakhale cha makaniko, kapena cha gulu la eni magalimoto a pa siteji imodzi, monga momwe alimi a mkaka amagwiritsira ntchito choyezera chimodzi pamalo osonkhanitsira mkaka. Chimamangidwa kwa maola awiri, n'kuchotsedwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe chifukwa chosenzera chida chimene chimagwira ntchito kawiri pachaka.

Chachitatu: "Yanga ndi ya kompyuta, ili kale ndi sensa." Apa ndi pamene kabuku kano kakuuzani kuti musafulumire kugula. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan, monga Sienta, Vitz ndi Probox za zaka zaposachedwa, ali kale ndi sensa yowerenga mofanana ndi wideband kutsogolo kwa chosefa utsi chotchedwa catalytic converter. Pa magalimoto otere palibe sikuluu yopotoza. Choyamba n'kulumikiza kachida kowerengera ka OBD pa soketi ya mabowo 16 imene ili pansi pa chiwongolero, n'kuona nambala zimene kompyuta yasunga. P0171 ikutanthauza mafuta ochepa, P0172 mafuta ochuluka, P0420 chosefa utsi chofooka kapena chochotsedwa. Kachidako kamasonyezanso kuchuluka kwa mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa, ndipo zikapitirira magawo 10 pa 100 pali chimene chalakwika. Komabe kompyuta imakhulupirira sensa yake ngati mfumu yokhala ndi mboni imodzi. Sensayo ikakalamba, kapena ikasinthidwa ndi ya mtundu wina chifukwa chakuti mazinga ake ndi ofanana, kompyuta imaweruza molakwa ndi mtima wonse. Wideband yapadera ndiyo mboni yachiwiri. Iikidwe pa bowo lakelake, ndipo sensa ya galimotoyo isachotsedwe.

Pali zinthu zimene chidachi sichiona, ndipo wogulitsa sangakuuzeni. Sichidziwa ngati petulo wathiridwa parafini. Nambala ingaoneke yabwino injini ikugogoda m'kati. Sichikonza mapisitoni otha. Ndipo pa injini ya dizilo, kaya ya minibasi kapena ya chigayo, nambala za m'kabuku kano sizigwira ntchito, chifukwa dizilo amayenda ndi mpweya wochuluka nthawi zonse.

Kamangidwe kake

Musanaboole chilichonse, konzani zimene zingapusitse sensa. Paipi ya ekizozi isakhale ndi pobooka paliponse pakati pa injini ndi pamene sensa ikhale, chifukwa utsi umatuluka modukizadukiza ndipo pakati pa kudukizako kabowo kamayamwa mpweya wakunja. Sensa ikaona okosijeni ameneyo imanena kuti mafuta achepa, inu n'kuwonjezera mafuta pa injini imene ikumwa kale mopitirira. Misewu yathu ya fumbi ndi mabampu imang'amba mapaipi ndi magasiketi, choncho injini ikadali yozizira ilizeni, wina atseke pang'ono kumapeto kwa paipi ndi chiguduli, inu mumvetsere pamene pakufwenthera. Pulagi imene ikuphonya moto imapusitsanso chimodzimodzi, popeza mpweya wosapsa umadutsa wonse. Sefa ya mpweya yodzaza fumbi la chilimwe isinthidwe kaye. Nthawi zambiri zitatu zimenezi zikakonzedwa, theka la vuto limakhala latha sensa isanamangidwe.

Malo a bowo asankhidwe mosamala. Likhale utsi utadutsa kale pamene mapaipi a masilinda onse akumana, kuti sensa imve injini yonse, koma utsi usanafike pa chosefa utsi ndi pa sailensa. Pa magalimoto ambiri ndi masentimita 45 mpaka 60 kuchokera pa injini. Mukayandikira kwambiri sensa imapsa, mukatalikira kumapeto kwa paipi imawerenga mpweya wakunja. Ngati injini ili ndi turbo, sensa ikhale utsi utadutsa kale turbo. Chofunika kwambiri, chimene owotcherera ambiri amalakwitsa pofuna malo osavuta kufikira, ndi mbali ya paipi. Muione paipiyo ngati wotchi: bowo likhale kumtunda, pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, nsonga ya sensa iloze pansi, yopendekeka madigiri osachepera 10. Petulo akapsa amatulutsa nthunzi, ndipo m'mawa wa June, chiperoni chitakuta phiri la Chiradzulu, nthunziyo imasanduka madzi m'paipi yozizira. Sensa yomangidwa kunsi imasanduka kapu yotungira madziwo, ndipo dontho limodzi pa dongo lake lotentha limaling'amba ngati mbiya yamoto yothiridwa madzi ozizira.

Kanati kake kali ndi mazinga a M18 x 1.5, ofanana ndi a masensa ambiri. Wowotcherera achotse waya wa batire kaye, awotcherere kuzungulira konse osasiya kampata, ndipo sensa isakhale pafupi pamene akuwotcherera. Galimoto ikhale pa zochirikiza zolimba kapena pa dzenje, osati pa jeki yokha kapena pa njerwa zosanjikiza. Chitsulo chikazizira, lowetsani sensa ndi dzanja mpaka itakhazikika, kenako mumange ndi sipanala ya 22, mwamphamvu yofanana ndi ya pulagi yaikulu, osachita kukwerapo. Mafuta oletsa dzimbiri apakidwe pa mazinga okha. Silikoni asayandikire, chifukwa nthunzi yake imapha sensa, monganso oyilo wa injini yofuka ndi madzi a radiyeta olowa kudzera pa gasiketi yopsa. Petulo wa mtovu, amene anali mdani wamkulu wa masensa, anasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa mu 2006.

Mawaya ndi ochepa koma salola chinyengo. Wa magetsi atengedwe pamene pamayaka kiyi ikatembenuzidwa, kudzera pa fyuzi ya mlingo umene wopanga walemba, osati waya wa kopa wopindidwa m'malo mwa fyuzi. Wa pansi amangidwe pa chitsulo cha injini chopalidwa bwino. Chingwe cha sensa chisadulidwe kapena kulumikizidwa ndi thepi, chifukwa m'soketi yake muli kachida kamene fakitale inayezera sensa imeneyo payokha. Chidutse kutali ndi paipi yotentha ndi mawaya a mapulagi, chimangidwe kuti chisakokedwe ndi udzu kapena matope. Pali malamulo awiri amene amaoneka ngati akutsutsana. Musasiye kiyi ili yotsegula kwa nthawi yaitali injini isanalire, monga pomvera wailesi podikira makasitomala, chifukwa sensa imatentha kenako n'kulandira madzi a utsi woyamba. Musayendetsenso galimoto sensa ili m'paipi koma yopanda magetsi, chifukwa ikazizira imakutidwa ndi mwaye. Zida zina zimafuna kuti sensa iyezedwe kaye pa mpweya wakunja, umene uli ndi okosijeni magawo 20.9 pa 100, isanalowe m'paipi. Pepala la wopanga limanena ngati chanu ndi chotero. Zonsezi zichitikire panja. Utsi wa injini uli ndi mpweya wapoizoni wosanunkha umene umapha munthu m'nyumba yotseka, monga mbaula ya makala m'chipinda chogona.

Kuwerenga nambala

Geji zambiri zimalola kusankha pakati pa lambda ndi nambala za 14.7. Sankhani lambda. Sensa imayeza lambda basi, ndipo 14.7 ija ndi kuchulukitsa kumene geji imachita poganiza kuti m'thanki muli petulo wopanda ethanol, zimene kuno sizikhala zoona kawirikawiri. Dikirani injini itenthe bwino. Paulendo woyeza pakhale anthu awiri, wina woyendetsa, wina wowerenga ndi kulemba m'kope, chifukwa pamsewu wodzaza njinga za kabaza ndi ana asukulu maso a dalaivala alibe nthawi ya geji. Galimoto itaima injini ikulira, nambala ikhale pafupi ndi 1; injini zakale za kabuleta zimakhazikika bwino pa 0.95. Paulendo wamba, pa liwiro la makilomita 60 mpaka 80 pa ola, ikhale pa 1 kapena kupitirira pang'ono, ndipo apa ndi pamene ndalama ya banja imapulumukira, popeza galimoto imatha nthawi yake yambiri pamenepa. Pachitunda, mutanyamula katundu wa masiku onse ndipo mwaponda mpaka pansi, itsike kufika pakati pa 0.85 ndi 0.90, kapena pafupi ndi 0.80 pa injini ya turbo. Mafuta owonjezerawo satayika pachabe, amaziziritsa m'kati mwa silinda. Mukaona 1 kapena kupitirira mutaponda chonchi, chotsani phazi msanga, mukafufuze sefa ya petulo, pampu ndi majeti. Galimoto ya kompyuta ikamatsetsereka phazi litachotsedwa, geji imathamangira kumapeto chifukwa kompyuta yatseka mafuta, ndipo limenelo si vuto.

Posintha, sinthani chinthu chimodzi, muyendenso msewu womwewo ndi katundu yemweyo, mulembe. Mukasintha jeti, sikuluu ndi nthawi ya moto pamodzi, nambala ikasintha simudziwa chimene chachititsa. Ngati galimoto imatsikira ku Chikwawa kawirikawiri, musafinye mafuta a pachitunda mpaka 0.90 kuno kumtunda. Siyani pafupi ndi 0.85 kuti pakhale mpata wa mpweya wolemera wa kuchigwa. Njinga zamoto za kabaza, zimene zambiri ndi za kabuleta, zimayezedwa mwa njira yomweyi, kungoti paipi yake ndi yopyapyala ndipo kanati kamafunika kotalikirapo kuti nsonga ya sensa isatseke njira ya utsi.

Mukamaliza, dikirani paipi izizire, chotsani sensa, mutseke bowo ndi bawuti yake, ndipo sensayo isungidwe m'kabokosi kouma, kutali ndi oyilo ndi petulo. M'kope muja mulembe tsiku, kumene munathira mafuta, nambala zitatu zija, ndi makilomita amene ali pa dashibodi. Kwa milungu iwiri yotsatira lembani malita onse othiridwa ndi makilomita oyendedwa, kuti muone ngati kusinthako kwafika m'thumba. Muyezenso fumbi la chilimwe likatha, kabuleta akatsegulidwa, paipi ikawotchereredwa, kapena mukayenda nthawi yaitali ndi mafuta a m'zigubu.